Akati chitukuko, funsani kuti watukuka ndani

Mwafunsa ngati kusintha kulikonse ndi chitukuko. Ayi achimwene, kusintha ndi chitukuko si chimodzi. Ngakhale mkaka ukasasa wasintha. Mu 1994 tinkafuula kuti "zinthu zasintha", ndipo zinasinthadi, koma chitukuko chimachokera ku kutukula, kunyamula chinthu chimene chinali pansi. Ndiye wina akatchula mawuwa, funsani kuti watukuka ndani.

Ineyo mawu amenewa anandiliza. Mukudziwa kumudzi akalengeza kuti mawa kuli chitukuko, ndiye kuti ntchito yaulere, aliyense ndi khasu kapena ndowa. Ife tinaumba njerwa za kachipatala ka ana, kuti sikelo ichoke pansi pa mtengo wa mango. Miyezi iwiri ndikutunga madzi kudambo, mwana kumsana, dimba langa likuuma. Uvuni tinawotcha ndi nkhuni zathu. Kenako njerwa zija zinayamba kuchepa usiku, uku mpanda wa a tcheyamani a komiti ukukwera masana.

Pamsonkhano ndinaimirira, miyendo ikunjenjemera, ndinangofunsa kuti njerwa zatsala zingati. Bambo aja sanandiyankhe n'komwe. Anatembenukira kwa amfumu n'kunena kuti, "Mayi awa ngodana ndi chitukuko." Anthu omwe tinkaponda nawo dothi anangowerama, wina mpaka anaseka. Anandilipitsa nkhuku ati ndanyoza bwalo. Ndinaigwira ndekha, thadzi loikira mazira, n'kukaipereka manja anga akadali ong'aluka ndi matope. Mpaka lero ndikadutsa pampanda uja mtima umandiwawa. Munthu wopanda manyazi ngati uja sindinamuonepo, ndipo amakhala kutsogolo kutchalitchi!

N'zimene zinachitikira mawu oti thangata. Poyamba ankatanthauza kuthandizana, atsamunda anawasandutsa ntchito yokakamiza m'minda yawo, mpaka zinafika pa kuukira kwa John Chilembwe mu 1915. Ndimaopa kuti mawu oti chitukuko akulowera komweko.

Komabe akakuitanani pitani, musakane. Mjigo umene timamwa pano tinasonkha mchenga ndi miyala tokha, ndipo umenewo ndimautcha chitukuko popanda kukayika. Kungoti werengani njerwa tsiku lophula uvuni, mulembe m'kope, anthu atatu asayine. Ndipo musafunse nokha pagulu ngati ine, yambani mwagwirizana ndi anzanu. Ngakhale ine zitachitikanso ndikhoza kuimiriranso ndekha, chifukwa ana aja akuyezedwabe pansi pa mango.