Akufuna kukajambula pa Mulanje m'nyengo ya chiperoni: ndimulole?

Mayi wina wa ku Chilomoni wandilembera za mwana wawo wamkazi wa zaka 19. Analemba MSCE chaka chatha, ndipo amapeza kangachepe pojambula zithunzi pa zinkhoswe ndi maukwati. Tsopano wamva za maphunziro a masiku asanu ojambula mapiri pa Mulanje mu Julayi. Mayiwo akufunsa ngati ndalamayo siingolowa m'madzi, komanso ngati mwanayo akapirire kuzizira kwa kumeneko.

Mayi, mantha anuwo ndi omveka. Ine ndikuti muloleni apite, koma ayambe wakonza thupi lake, kamera ibwere pambuyo.

Ambiri amaganiza kuti kujambula mapiri ndi kungoima pamalo okongola n'kudina. Ayi ndithu. Kuchoka pa Likhubula, m'munsi mwa phirilo, kukafika ku kanyumba kogona alendo ka Chambe ndi chitunda cha maola atatu kapena anayi, chikwama chili kumsana. Akafika, mawa lake adzadzutsidwa 4 koloko kusanache, chifukwa kuwala kumene ojambula amakufuna kumabwera dzuwa likamangotuluka ndipo sikukhalitsa. Adzayenda ndi tochi pa miyala yoterera, n'kukhala chilili ola lathunthu kudikira nkhungu kuti iyalule, zala zitachita dzanzi moti kabatani ka kamera sakukamvanso. Julayi ndi mwezi wa chiperoni, kamvula kowaza kaja kobwera ndi mphepo ya kum'mwera chakum'mawa. Pamwamba paja kamatha kukhala masiku angapo osakata, ndipo usiku wina chisanu chimagwa mpaka udzu kuyera.

Ndiye kuyambira mawa lino azikwera phiri la Michiru kapena la Soche kawiri pa sabata, ali ndi anzake, atabereka chikwama cholemerako. Nsapato zimene adzavale azizolowere panopa. Nsapato yatsopano imatulutsa matuza tsiku loyamba lomwe. Jinzi aisiye kunyumba. Ikanyowa siuma, imangomwa kutentha kwa thupi. Pa kaunjika ku Limbe mupeza majuzi a ubweya, jekete yosalowa madzi, magolovesi ndi chipewa chophimba makutu pa mtengo wabwino. Ngati ali ndi mphumu kapena vuto la mtima, ayambe waonana ndi adokotala musanalipire kalikonse.

Kamera nayo imamva kuzizira. Batire limatha msanga kukazizira, choncho lapadera azilisunga m'thumba la mkati, pafupi ndi thupi, ndipo atenge power bank, asadalire kukatchaja kumeneko. Chinanso chimene ongoyamba sachidziwa: akachoka panja n'kulowa m'kanyumba momwe mukuyaka moto, galasi la kamera limachita thukuta kunja ndi mkati momwe. Aziika kamerayo m'jumbo n'kumanga asanalowe, aidikire itenthe pang'onopang'ono. Jumbo ya pa golosale yomweyi imapulumutsa chipangizo cha ndalama zambiri.

Inuyo monga kholo, afunseni okonza maphunzirowo mosaopa. Kodi atenga otsogolera njira odziwa phirilo? Mphunzitsi mmodzi adzayang'anira ophunzira angati? Wina akavulala adzamutsitsa bwanji? Nanga nyengo ikaipa, ali okonzeka kusintha ulendo? Funso lomalizali ndimalilemekeza kwambiri. Nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo mu 2009 mlendo wina wa ku Brazil anamwalira kumeneko atapitirira yekha wopanda womutsogolera. Mphunzitsi wabwino amabweza gulu ngakhale chithunzi chisanapezeke. Amene angakuyankheni mozemba, musam'patse mwana wanu.

Tsopano za ndalama. Sindikunamizani, zithunzi za mapiri pazokha sizidyetsa munthu msanga kuno kwathu. Ogula alipo ndithu: malo ogona alendo, makampani oyendetsa alendo, minda ya tiyi ya ku Mulanje ndi Thyolo, mabungwe oteteza zachilengedwe, osindikiza makalendala. Koma sagula tsiku ndi tsiku, ndiye maukwati asawasiye, ndiwo adzagule ndiwo. Phindu lenileni ndi luso limene adzatsike nalo. Amene waphunzira kuwerenga kuwala pa Chambe sadzavutikanso kujambula mkwatibwi m'tchalitchi chamdima, ndipo zithunzi khumi zabwino zosonyeza kwa olemba ntchito zimalankhula kuposa kapepala ka masiku asanu. Kapepalako sikalowa m'malo mwa sukulu; ngati mtima wake uli pa ntchito imeneyi, aganizirenso za utolankhani ku yunivesite ya MUBAS kapena ku Malawi Institute of Journalism.

Ngati ndalama yavuta chaka chino, musakongole katapila. Asonkhane ndi anzake atatu, alipire wotsogolera njira pa Likhubula, agone usiku umodzi ku Chambe. Akatsika miyendo ikunjenjemera koma akufunsa tsiku lobwererako, yambani kumusungira ndalama ya Julayi wa chaka chamawa.