Kodi "za mitengo" zili ndi ntchito? Yankho kwa mtsikana wa ku Songani

Mtsikana wina wa ku Songani wandilembera imelo. Wakhoza bwino MSCE, makamaka Biology ndi Geography, ndipo mtima wake uli pa maphunziro osamalira zachilengedwe. Bambo ake akuti za mitengozo n'kutaya nthawi, bola unamwino kapena uphunzitsi. Akufuna kudziwa kumene maphunzirowa amachitikira, zomwe zili m'katimo, komanso ngati ntchito imapezeka.

Achemwali, za sukulu n'zosavuta. LUANAR ku Bunda ili ndi madigiri a zankhalango, zansomba ndi zachilengedwe, ndipo nthambi yake ya Natural Resources College (NRC) imapereka madipuloma. Ku Mzuni nakonso kuli zankhalango ndi zansomba. Konkuno ku Zomba, ku Chirunga, UNIMA imakulowetsani kudzera mu Biology, Geography kapena Chemistry. Ku Dedza kuli Malawi College of Forestry and Wildlife. Kusankhidwa ku mayunivesite a boma kumadzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, ndipo pamafunika makiredi osachepera 6 kuphatikizapo Chingerezi.

Koma chomwe ndikufuna mumvetse musanalembe fomu ndi ichi: ntchito imeneyi, mitengo ndi nsomba ndi mbali yochepa. Mbali yaikulu ndi anthu, ndipo ambiri mwa iwo ndi anthu amene akusaka chakudya cha lero.

Taonani nyanja ya Chilwa. Ilibe mtsinje wotulutsa madzi, imangolandira kuchokera ku Likangala, Domasi, Phalombe ndi mitsinje ina, ndipo ndi yosaya. Mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa, monga zinachitikira mu 1968, 1995 ndi 2018. Mu 1996 inalowa m'ndandanda wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa mgwirizano wa Ramsar, makamaka chifukwa cha mbalame zake. M'kalasi adzakuphunzitsani kuyeza mchere wa m'madzi ndi kudziwa nthawi imene matemba ndi makumba amaswana. Zimenezo n'zofunika ndithu. Koma tsiku lina mudzaima pa doko la Kachulu pamaso pa asodzi, kuwauza kuti nyanja yatsekedwa, kapena kuti ukonde wa udzudzu ukutha mbewu ya nsomba. Wina adzakufunsani kuti ana ake adya chiyani miyezi imeneyo, ndipo funsolo ndi lachilungamo. Nyanja ikaphwa, msodzi yemweyo amakasaka mbalame m'dambo kapena amakwera phiri kukaotcha makala.

Anthu a makalawo mumawaona m'mamawa akulowa m'tauni: matumba atatu panjinga, malaya ali nyowe ndi thukuta, potsetsereka akugwira buleki ndi chidendene cha nsapato. Lamulo la zankhalango limaletsa kuotcha makala popanda chilolezo, ndipo linakhwimitsidwa mu 2020. Komabe amene akugula ndi ife tomwe a m'tauni, magetsi akazima. Phiri la Zomba likapitiriza kumetedwa, dothi limakokolokera m'mitsinje, ndipo damu la Mulunguzi lomwe limamwetsa mzinda wonse limadalira mitengo yomweyo. Ine ndimati wophunzira wabwino wa zachilengedwe ndi amene angagwire zonsezi m'mutu nthawi imodzi, osangolanda thumba pa rodibuloko n'kumati wagwira ntchito. Ngati kukhala pansi pa mtengo ndi anyakwawa ndi makomiti a m'midzi tsiku lathunthu kumakutopetsani, ganizirani kawiri.

Masamu musawathawe. Kuwerenga mitengo pa hekitala, kuyerekeza nsomba zotsala m'nyanja, kujambula mapu pa kompyuta ndi GIS, zonsezi ndi manambala.

Tsono za ntchito, apa bambo anu sakunama kwenikweni, ndipo musawayankhe mwamwano. Boma limalemba anthu ku nthambi za nkhalango, nsomba ndi nyama zakutchire komanso m'makhonsolo, koma mwa apo ndi apo. Ntchito zambiri ndi za mapulojekiti a mabungwe, zomwe zimatha ndalama zikatha. Kulinso African Parks, yomwe ikuyendetsa malo osungira nyama zakutchire a Majete kuyambira 2003 ndi Liwonde kuyambira 2015, mabungwe a madzi, ndi ntchito younika momwe chitukuko chikhudzire chilengedwe, yomwe malipoti ake amapita ku MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe. Amene amapeza mwayi msanga ndi amene ali ndi luso logwirika: GIS, kulemba lipoti lomveka, kuyendetsa njinga yamoto, ndipo kuno kwathu, kulankhulako Chiyao kapena Chilomwe.

Mwayi wanu ndi woti mukukhala ku Zomba. FRIM, yomwe imafufuza zankhalango, ili konkuno. National Herbarium and Botanic Gardens, yomwe imasunga ndi kufufuza zomera, ili konkuno. Ku Domasi, pafupi ndi kwanuko, kuli malo a boma ofufuza za ulimi wa nsomba. Pamene mukudikira zotsatira za NCHE, pitani mukapemphe kuthandiza nawo, ngakhale kuthirira mbande ku nazale kapena kudyetsa nsomba m'madamu. Mukafunse ogwira ntchito kumeneko kuti anaphunzira chiyani, anadikira nthawi yaitali bwanji asanalembedwe, ndipo malipiro akuwakwanira kapena ayi. Mayankho awowo mukawafotokozere bambo momwe mwawamvera, abwino ndi oipa omwe. Ngati nkhawa ina ili pa fizi, mukasankhidwa mudzalembe msanga fomu ya ngongole ku bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, chifukwa nthawi yolembera imakhala ndi malire.