Maluwa a pa 24 Epulo ndi ndalama za mwana wachitatu: kuyankha mayi amene anafunsa za Armenia

Mayi wina amene amakonda kuwerenga zomwe ndimalemba ananditumizira kalata pa imelo, ndipo funso lake lakhala likundizungulira m'mutu masiku onsewa. Iwo akuti anaona pa wailesi yakanema khamu la anthu a ku Armenia likukwera chitunda litanyamula maluwa, ambiri atagwira ana pamkono ndipo ena atawanyamula pamapewa, kukakumbukira makolo awo amene anaphedwa zaka zoposa 100 zapitazo. Kenaka anawerenga kuti boma la dziko lomwelo limapereka ndalama kwa makolo mwana akabadwa, ndipo limawonjezera kwambiri akakhala wachitatu. Funso lawo lili pawiri. Kodi boma likulipira anthu kuti abereke pofuna kubwezeretsa amene anaphedwa aja? Nanga ndi bwino kutengera ana aang'ono kumalo okumbukira imfa zowawa chotere?

Mayi, ndikumvetsa chifukwa chake nkhaniyi yakudabwitsani, pakuti kwathu kuno tinazolowera kumva boma ndi achipatala akutilimbikitsa kulera, ndiye kumva za boma lopereka ndalama kuti ana achuluke kumamveka ngati zinthu zatembenuka. Yankho langa pa funso loyamba ndi lakuti ayi, ndalamazi sizinakhazikitsidwe chifukwa cha zomwe zinachitika mu 1915, koma chifukwa cha mavuto a zaka zoposa makumi atatu zapitazi. Komabe simunalakwitse poona kuti ziwirizi zikukhudzana, chifukwa kwa mtundu umene ena anafuna kuupulula, kuchepa kwa ana kumadzutsa mantha amene mitundu ina siyiwadziwa.

Usiku wa pa 24 Epulo 1915, pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, akuluakulu a ufumu wa Ottoman anagwira atsogoleri a Aarmenia oposa 200 mumzinda wa Constantinople, umene lero ndi Istanbul. Anali alembi, aphunzitsi, madokotala, ansembe ndi andale, ndipo ambiri mwa iwo sanabwererenso. M'miyezi yotsatira, boma lolamulidwa ndi Talaat Pasha ndi anzake linasamutsa Aarmenia m'midzi ndi m'matauni a kum'mawa kwa dziko limene lero ndi Turkey. Amuna ankapatulidwa ndi kuphedwa msanga, pamene amayi, ana ndi okalamba ankayendetsedwa wapansi kulowera kuchipululu cha Syria, cha ku Deir ez-Zor, kumene njala, ludzu, matenda ndi malupanga zinawatha. Aarmenia amanena kuti anthu 1.5 miliyoni anafa, ndipo akatswiri ambiri a mbiri amaika chiwerengerochi pakati pa 600,000 ndi 1.5 miliyoni. Iwo eni amatcha zimenezi Medz Yeghern, kutanthauza mlandu waukulu. Dziko la Turkey limavomera kuti anthu ambiri anafa, koma mpaka lero limakana kuti panali cholinga chopulula mtundu, ngakhale maiko monga Uruguay mu 1965, France mu 2001, Germany mu 2016 ndi America mu 2021 anavomereza poyera kuti n'zimene zinachitika.

Pali mbali imodzi ya mbiriyi imene ikukhudza funso lanu mwachindunji, ndiyo ya ana. Ana ndi atsikana ambirimbiri analandidwa ndi kulowetsedwa m'mabanja a anthu ena, kumene anasinthidwa maina, chipembedzo ndi chilankhulo. Ena anatoleredwa m'misewu ndi kusungidwa m'nyumba za ana amasiye, moti mzinda wa Alexandropol, umene lero ndi Gyumri, unasunga ana amasiye oposa 20,000 mothandizidwa ndi bungwe la ku America la Near East Relief, mpaka unkatchedwa mzinda wa ana amasiye. Loya wina, Raphael Lemkin, amene anapanga liwu lakuti genocide, kutanthauza kupulula mtundu, mu 1944, ankatchula za Aarmenia ngati chimodzi mwa zomwe zinamuchititsa kuganizira za mlanduwu, ndipo pangano la United Nations la mu 1948 linanena momveka kuti kuletsa mtundu kubereka komanso kuulanda ana ake ndi njira zopululira mtunduwo, mofanana ndi kupha. Choncho agogo a Aarmenia ambiri a lero anali ana amasiye amene anakula, kukwatirana okhaokha ndi kuyambitsa mabanja popanda mkulu aliyense wowalangiza. M'mabanja otere, kubadwa kwa mwana kunali umboni wakuti chiwembu chija sichinatheke, ndipo mwanayo nthawi zambiri ankapatsidwa dzina la munthu amene anatsala m'chipululu.

Chitunda chimene munaona chija chimatchedwa Tsitsernakaberd, kutanthauza linga la anamzeze, ndipo chili mumzinda wa Yerevan, likulu la Armenia, pamwamba pa mtsinje wa Hrazdan. Sikuti chikumbutsocho chinabwera chokha. Pansi pa ulamuliro wa Soviet Union nkhaniyi sinkakambidwa poyera, mpaka pa 24 Epulo 1965 pamene anthu zikwizikwi anadzaza m'misewu ya Yerevan kufuna kuti akufa awo akumbukiridwe, zomwe zinali zosazolowereka m'dziko limene zionetsero zinali zoletsedwa. Chikumbutsocho chinatha kumangidwa mu 1967. Pali chipilala chosongoka chotalika mamita 44, ndipo pambali pake pali miyala ikuluikulu 12 yoweramira mkati, yozungulira moto umene suzima. Munthu amatsika masitepe kuti afike pamotopo, ndipo potsikapo mutu umawerama wokha. Usiku wa pa 23 Epulo achinyamata amayenda ndi miyuni kuchokera pakati pa mzinda, ndipo kukacha anthu amakwera mwakachetechete tsiku lonse, aliyense ndi duwa limodzi kapena angapo, n'kumasanjika mozungulira motowo mpaka maluwawo amasanduka khoma lofika m'chiuno mwa munthu wamkulu kapena kupitirira.

Koma kukumbukira kwenikweni sikuchitika tsiku limodzi lokha. Madera ena a Yerevan ali ndi maina monga Arabkir, Malatia, Sebastia, Marash ndi Zeytun, omwe ndi maina a mizinda imene opulumuka anachokera, moti munthu wokwera basi kupita kuntchito amatchula malo otayikawo tsiku ndi tsiku. Phiri la Ararat, limene lili pa chizindikiro cha dziko lawo, limaoneka bwino kuchokera m'mawindo a nyumba zambiri kukakhala kopanda mitambo, koma lili tsidya la malire, mkati mwa Turkey, ndipo malirewo akhala otseka kuyambira 1993. M'mwezi wa Sepitembala, pa mudzi wa Musaler pafupi ndi Yerevan, anthu amachezera usiku wonse kuphika harissa, phala la tirigu ndi nyama, m'miphika ikuluikulu, pokumbukira anthu a ku Musa Dagh amene anakana kusamutsidwa, nathawira m'phiri ndi kudziteteza mpaka sitima za nkhondo za France zinapulumutsa pafupifupi 4,000 a iwo. Zonsezi mwana amazimva koyamba kunyumba, makamaka kwa agogo ake aakazi, amene kumeneko amawatcha tatik.

Tsopano tibwere ku ndalama. Armenia ili ndi anthu pafupifupi 3 miliyoni, ndipo Aarmenia okhala kunja, ku Russia, America, France, Lebanon ndi kwina, ndi ochuluka kuposa okhala m'dzikomo. Mu 1990 munabadwa ana pafupifupi 80,000, koma pofika zaka za 2021 mpaka 2023 chiwerengerochi chinali cha m'ma 36,000 pachaka. Chomwe chinachititsa ndi mndandanda wa mavuto otsatizana: chivomezi cha ku Spitak mu Disembala 1988 chimene chinapha anthu pafupifupi 25,000, kugwa kwa Soviet Union mu 1991, nkhondo yolimbirana dera la Nagorno-Karabakh ndi Azerbaijan, ndi zaka za mdima ndi kuzizira pamene magetsi ankayaka maola ochepa okha patsiku. Anthu zikwi mazanamazana anasamuka. Mpaka lero m'midzi yambiri amuna amapita ku Russia kukagwira ntchito zomangamanga kwa miyezi yambiri, monga momwe amuna akwathu amapitira ku Joni, ndipo kumudzi kumatsala amayi, ana ndi okalamba. Nkhondo ya masiku 44 ya mu 2020 inapha asilikali a Armenia pafupifupi 4,000, ambiri mwa iwo anyamata amene anali asanakwatire, ndipo mu Sepitembala 2023 Aarmenia oposa 100,000 anathawa ku Nagorno-Karabakh m'masiku ochepa chabe.

Apa ndi pamene pachokera thandizo limene munawerenga. Kuyambira mu Julaye 2020 boma linakweza ndalama yoperekedwa kamodzi mwana akabadwa kufika pa madramu (ndalama ya ku Armenia) 300,000 kwa mwana woyamba ndi wachiwiri, pamene kale woyamba ankalandira 50,000 yokha. Wachitatu ndi wachinayi ankalandira 1 miliyoni, ndipo wachisanu kupita m'tsogolo 1.5 miliyoni, koma gawo lina la ndalama zikuluzikuluzi linkasungidwa kubanki kuti ligwire ntchito monga ya nyumba, sukulu kapena chipatala. Kuyambira mu Januwale 2022 anawonjezera madramu 50,000 mwezi ulionse kwa mwana wachitatu kapena wotsatira mpaka atakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi. Kuti muone kukula kwake, m'zaka zaposachedwa dola imodzi ya ku America yakhala ikusinthidwa ndi madramu pafupifupi 400, ndiye 300,000 ndi madola cha m'ma 750, ndipo 50,000 ndi madola cha m'ma 125. Mayi wapantchito amapatsidwa tchuthi cholipidwa cha masiku 140, theka asanachire ndi theka atachira, ndipo akhoza kukhala pakhomo mpaka mwana atakwanitsa zaka zitatu ntchito yake ikumudikira. Palinso kandalama ka mwezi ndi mwezi kosamalira mwana mpaka zaka ziwiri, ndipo abambo anapatsidwa masiku asanu okha a tchuthi, zomwe kwa ine zikuonetsa kuti katundu wolera akadali pamsana pa mayi ndi agogo aakazi. Chomwe chinandikhudza kwambiri ndi chakuti nkhondo ya 2020 itatha, boma linayamba kulipirira chithandizo cha chipatala chothandiza kutenga pakati kwa makolo amene ana awo anafera kunkhondo, ndipo amayi ena a zaka zopitirira 40 anaberekanso.

Kodi ndalamazi zikugwira ntchito? Zathandiza mabanja amene anali kale ndi ana awiri kuti alimbe mtima, ndipo kwa banja la kumudzi madramu 50,000 pamwezi si ndalama yonyozeka. Koma chiwerengero chonse cha ana obadwa sichinakwere monga ankayembekezera, pakuti amene ali pamsinkhu wobereka lero ndi ana a m'zaka za m'ma 1990 pamene ana ankabadwa ochepa, komanso mtengo wa nyumba ku Yerevan unakwera kwambiri ndipo malo m'sukulu za mkaka sakwanira ofuna. Koposa zonse, mayi amene akuopa kuti mwana wake wamwamuna adzatumizidwa kumalire akadzakula sangatonthozedwe ndi ndalama ya pamwezi.

Pali chinthu china chimene chimandichititsa kusamala ndi malankhulidwe akuti tibereke kuti mtundu usathe, amene amamveka kwa andale ndi atsogoleri ena kumeneko. Mwana akayamba kuwerengedwa ngati wodzasunga dzina ndi wodzateteza malire, mtsikana amayamba kuoneka wochepa mtengo. Cha m'ma 2000, Armenia inali limodzi mwa maiko amene kusiyana kwa ana aamuna ndi aakazi obadwa kunali kwakukulu koposa, anyamata pafupifupi 120 pa atsikana 100 alionse, chifukwa mabanja ena ankachotsa mimba akadziwa kuti ndi ya mtsikana, makamaka ikakhala yachitatu. Boma linaletsa mchitidwewu mwalamulo mu 2016 ndipo kusiyanaku kwachepa, ngakhale sikunatheretu. N'chifukwa chake sindikonda kuti thandizo la makolo lizitchedwa kubwezeretsa akufa. Amene anafera ku Deir ez-Zor sangabwezeretsedwe ndi aliyense, ndipo khanda lobadwa lero ku Gyumri liyenera kuthandizidwa chifukwa likufunika mkaka, nyumba yofunda m'nyengo ya chisanu ndi mayi amene sanatheretu mphamvu. Ngati boma likufuna kulemekeza ana amasiye a mu 1915, njira yabwino ndi yoonetsetsa kuti zidzukulu zawo zikutha kulera ana m'dziko lawo popanda bambo kukakamizika kupita ku Russia.

Pa funso lanu lachiwiri, la kutengera ana kuchitunda kuja, ine sindikuonapo cholakwika, malinga makolo akudziwa malire. Pafupi ndi chikumbutsocho pali nyumba yosungiramo mbiri imene inatsegulidwa mu 1995, ndipo zithunzi za mmenemo, za anthu oonda ndi njala ndi mitembo m'njira, si zoyenera mwana wamng'ono. Koma kuyenda ndi makolo, kunyamula duwa, kuimirira kanthawi pamoto ndi kumva dzina la agogo a agogo ake likutchulidwa, zimenezo mwana angazisenze, ndipo zimamupatsa mpata wofunsa m'malo mongomva kuti m'nyumba muli chisoni chimene palibe akuchifotokoza. Chodetsa nkhawa ndi pamene mwana aphunzitsidwa kudana ndi Mturkey aliyense, chifukwa mbiri yomweyo imanenanso za Aturkey, Akurdi ndi Aluya amene anabisa anansi awo a Chiarmenia, moyo wawo uli pachiswe. Mu 2015, pokwanitsa zaka 100, anasankha kaduwa kofiirira kotchedwa anmoruk ngati chizindikiro, ndipo ana a sukulu ankakavala pachifuwa. Pakatha masiku angapo kuchokera pa 24 Epulo, ana a sukulu ndi anthu ongodzipereka amabwerera ku Tsitsernakaberd kukatola maluwa amene ayamba kufota aja. Amathothola timasamba ta maluwawo n'kutiyanika kuti tikagwiritsidwe ntchito popanga mapepala, ndipo mapesi ake amawasandutsa manyowa othira mitengo ya pachitundapo.