Musafufute sewero lakale, sinthani linki ya kanema yokha

Achimwene, mwafunsa za app yotchipa, za kamera yabwino, ndi za kusintha makanema a mafizo omwe anyamata anu a mpira ku Ulongwe amaonera mu app ya makochi; ine ndiyankha za makanemawo. Zinazo ayankhe ena.

Amene wakuuzani kuti mungofufuta zonse n'kuyambiranso, musamumvere. Mu ma app ambiri a makochi, sewero lililonse la mafizo lili ngati kabati: muli dzina lake, kanema wake, komanso mbiri ya mnyamata aliyense, makilo amene ananyamula ndi maulendo amene anabwereza. Mukafufuta sewerolo n'kulemba lina la dzina lomwelo, app imaliona ngati lachilendo. Mnzanga wina amene amaphunzitsa timu ya achinyamata ku Moatize anapatsa mnyamata wodziwa kompyuta ntchito yokonza makanema, mnyamatayo n'kuchotsa masewera onse akale kuti aike atsopano ooneka bwino. Kutacha, mapulogalamu a sabata imeneyo anali ndi mipata yopanda kanthu, ndipo zolemba za chaka chonse za amene ankachira bondo sizinaonekenso. Mnzangayo anawalembera eni app, yankho linabwera mochedwa ndipo silinabweze kanthu. Ndinamuona iye, munthu wamkulu, akufunsa ana mmodzimmodzi kuti kodi mwezi wathawu unkanyamula makilo angati, ana n'kumangoganizira. Choncho tsegulani sewero lomwe lilipo kale, pitani pamene pali linki ya kanema, chotsani yakaleyo, ikani yatsopano, sungani. Yambani ndi sewero limodzi, muuze mnyamata mmodzi atsegule pa foni yake, akanena kuti zikuoneka ndiye mupitirize.

Ngati makanema anu amakhala pa YouTube, dziwani kuti kumeneko simungasinthe kanema n'kusiya linki yomweyo. Kanema watsopano amabwera ndi linki yatsopano, ndipo mukachotsa wakale musanasinthe mu app, anyamata adzangoona mdima. Wakale muzimuchotsa pamapeto penipeni. Poika watsopano musasankhe Private, chifukwa sadzasewera kwa anyamata; sankhani Unlisted, amene amaoneka kwa okhawo ali ndi linki. Malinki a makanema a anthu ena nawo ndi osadalirika, mwini wake akangotseka tsamba lake inu mwatsala manja lende.

N'chifukwa chake ine ndimajambula ndekha, ndi foni wamba. Kanema wa azungu ali mu jimu yodzaza zitsulo samuthandiza mwana amene amachitira mafizo pa bwalo la fumbi ku Domue. Jambulani mnyamata wanu amene amachita bwino sewerolo, pa bwalo lanu, ndi zipangizo zomwe muli nazo, inu mukufotokoza m'Chichewa. Masekondi 20 kapena 30 akwana: aonekere cham'mbali, thupi lonse kuyambira kumutu mpaka kuphazi, abwereze katatu, basi. Katiripodi, kachipangizo ka miyendo itatu koimikirapo foni, kamaposa dzanja lonjenjemera.

Nkhani yaikulu kwa ife kuno ndi mamega. Miniti imodzi yojambulidwa pa 1080p, mlingo wa kanema wooneka bwino kwambiri, imatha kupitirira 100 MB, ndipo mwana amene amagula mamega a Movitel kapena Vodacom a tsiku limodzi sadzaonera kawiri. Jambulani pa 720p, kapena chepetsani mpaka 480p musanatumize. Bondo ndi msana zimaonekabe bwinobwino. Musatumizirane kanemayo pa WhatsApp ngati kanema wamba musanamuike mu app, amafinyidwa mpaka kuchita chimbuuzi. Mutumizeni ngati document. Onaninso ngati app yanu imalola kusunga kanema mu foni, chifukwa cha ku Tsangano ndi ku Macanga kuli malo omwe netiweki imasowa, ndipo mwana akalephera kutsegula amangochita za m'mutu mwake.

Si kanema aliyense wakale amene wafunika kusinthidwa. Pulogalamu ya FIFA 11+ inatuluka mu 2006, ili ndi masewera 15 otenthetsa thupi kwa mphindi pafupifupi 20, ndipo mpaka lero ndi yothandiza popewa kuvulala. Ngati makanema anu a masewera amenewo akuoneka bwino, asiyeni. Yambani ndi aja amene ana amalakwitsa kawirikawiri. Kwa ine loyamba ndi Nordic hamstring, lija wina amagwada, mnzake n'kumugwira akakolo, iye n'kumagwera kutsogolo pang'onopang'ono. Ana ambiri amapinda m'chiuno, matako n'kutsalira kumbuyo, sewero lonse n'kutha ntchito. Kanema wa sewero limeneli aonetse thupi lowongoka kuchokera m'mawondo mpaka m'mapewa, ndipo mawu anu amveke mukunena zimenezo.

Maina a masewera alembeni mofanana. Ena mwalemba m'Chipwitikizi, ena m'Chingelezi, ena m'Chichewa, ndiye mudzapeza sewero limodzi lili katatu. Sankhani chilankhulo chimene anyamata amachimva pa bwalo.

Ngati mwa anyamatawo muli osakwana zaka 18, pemphani kaye makolo musanajambule, ndipo makanema awo asapite poyera pa Facebook. Makanema onse oyambirira sungani penanso, pa memori kadi kapena pa Google Drive pomwe amapereka 15 GB yaulere, kuti tsiku lomwe mudzasiye app imeneyo musadzajambulenso. Anzathu a mu mzinda wa Tete, inu muzijambula m'mamawa. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, foni imatentha n'kusiya kujambula pakati pa sewero.