Nkhani ikachoka pakamwa kupita papepala: mayankho kwa aphunzitsi ndi makolo

Mafunso amene andipeza masiku ano ambiri akukhudza chimangirizo chofotokoza nkhani. Ndawafupikitsa, koma mfundo zake sindidasinthe.

Aphunzitsi a Sitandade 7 ku Dedza akuti: "Ana anga akakhala pabwalo amakamba nkhani mpaka anzawo kufa ndi phwete. Ndikawapatsa kope amalemba kuti: Iye adadzuka. Iye adasamba. Iye adapita kumsika. Iye adaona galu. Ndalakwitsa pati?"

Aphunzitsi, ana anuwo nkhani amaidziwa kale kukamba. Chavuta n'chakuti akaona kope amaganiza kuti pafunika chiyankhulo china, chosiyana ndi chomwe adayamwira.

Tiyambe ndi "iye". Mneni wa Chichewa amanyamula yekha mwininkhani. M'mawu akuti "adadzuka", a- woyambayo ndiye munthuyo, ndipo safunanso wina womuperekeza. Chingerezi ndicho chimafuna dzina kapena mlowam'malo pa chiganizo chilichonse, ndiye mwana amene tsiku lonse akulemba maphunziro ena m'Chingerezi amabwera nacho chizolowezicho m'phunziro lanu. "Iye" ali ndi ntchito yake, yomwe ndi kusiyanitsa munthu ndi anzake: "Onse adathawa, koma iye adaima njo." Mukamuika paliponse, pofika pomwe akufunikadi amakhala atatha mphamvu.

Chachiwiri, mwana wanuyo wapatsa chochitika chilichonse chiganizo chakechake, zonse zolemera mofanana. Pakamwa sachita zimenezo. Mumumvetsere pa nthawi yopuma, mudzamva akuti: "Atadzuka adasamba, n'kutenga dengu, n'kuuyatsa wa kumsika. Asanafike pamlatho, galu balamanthu!" Taonani zida zomwe wagwiritsa ntchito popanda womuphunzitsa. Ata- akukankhira m'mbuyo zomwe zatha. N'ku- akuthamangitsa zinthu zing'onozing'ono kuti tisachedwe nazo. Asana- akutigwira mtima, chifukwa tikangomva "asanafike" timadziwa kuti kutsogoloku kuli kanthu. Zomwe mabuku amazitcha tsatanetsatane wa nkhani zimayambira pa timaphatikizo timeneti.

Yesani izi. Mwana mmodzi akambe nkhani yaifupi, mnzake alembe pabolodi ndendende monga waimvera, osakonza. Kenaka onse ayerekeze ndi zomwe adalemba m'makope mwawo. Ndidachitapo zimenezi ndi ana ena, ndipo chomwe chidandikhudza n'chakuti mwana wokamba uja adadabwa kuona kuti mawu ake enieni akhoza kukhala pabolodi n'kutchedwa chimangirizo. Chenjezo limodzi lokha: n'ku- akapitirira katatu m'chiganizo chimodzi, wowerenga amabanika. Pamenepo mwana aike mpumiro, ayambenso ndi mneni wathunthu.

Pali chida china chomwe sindingachisiye, chifukwa ndimachikonda kwambiri. Munthu akamalowa koyamba m'nkhani timati "mnyamata wina". Tikapitiriza naye timati "mnyamatayo". Akasowa kwa kanthawi n'kutulukiranso timati "mnyamata uja". Kamawu koti "uja" kamagwira wowerenga paphewa n'kumuuza kuti uyutu ukumudziwa. Lembani pabolodi kuti, "Atafika kuchipatala adapeza kuti dokotala ndi mnyamata wina." Pansi pake lembani kuti, "Atafika kuchipatala adapeza kuti dokotala ndi mnyamata uja." Funsani ana kuti ndi chiganizo chiti chomwe chili ndi nkhani kumbuyo kwake. Palibe amene adzalephere. Ndipo poti "iye" sasonyeza ngati munthu ndi wamwamuna kapena wamkazi, m'nkhani ya anthu awiri ndi mawu ngati "mtsikanayo" ndi "bambo aja" amene amathandiza wowerenga kuti asasokere.

Aphunzitsi a Fomu 2 ku Mulanje akuti: "Ine ndinakula ndikunena kuti ndinapita. Mnzanga amene timaphunzitsa naye amachotsera ana malikisi akalemba choncho, ati Chichewa chenicheni ndi ndidapita. Wolondola ndani?"

Zonse ziwiri ndi Chichewa, ndipo mwana wa ku Mulanje asamve ngati mawu a mayi ake ndi olakwika. Koma mnzanuyo maganizo akewo ali ndi komwe adachokera. Chichewa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, ndipo mu 1972 kudakhazikitsidwa bungwe la Chichewa Board loti likonze kalembedwe. Muyeso udali kayankhulidwe ka m'chigawo chapakati, kwawo kwa Kamuzu Banda, ndiye -da- adapeza mpando m'mabuku a sukulu. Kuyambira mu 1996 ntchito yosamala ziyankhulo idapita m'manja mwa Centre for Language Studies ku Zomba, ndipo lero mukatsegula wailesi kapena nyuzipepala mupeza -na- ali ponseponse.

Aphunzitsi ambiri adaphunzitsidwa kuti -na- ndi wa zomwe zachitika posachedwa, -da- ndi wa zakale. Alipo anthu amene amasiyanitsadi motero poyankhula. Ena amanena -na- pa zonse ziwiri, n'kumasiyanitsa pokweza kapena kutsitsa liwu. Vuto n'lakuti pepala silionetsa kukwera ndi kutsika kwa liwu. N'chifukwa chake wolemba ndi -na- ayenera kuthandiza wowerenga ndi mawu ngati "m'mawa uja", "dzana" kapena "chaka cha njala chija".

Maganizo anga ndi awa. Mwana asankhe chimodzi n'kuyenda nacho kuchokera pachiyambi mpaka pamathero. Cholakwa chenicheni ndi kuyamba ndime ndi "tidanyamuka", pakati "tinafika", kumapeto "tidabwerera", popanda chifukwa. Komabe amene akukonzekera mayeso a MANEB ndi bwino azolowere -da-, poti palibe wochonga amene angadabwe naye. Anthu oyankhula m'kati mwa nkhaniyo asiyeni ayankhule monga amayankhulira kwawo.

Koma ndikupempheni kuti inu ndi mnzanuyo mkanganowu usakudyereni nthawi, chifukwa pali kusiyana kwina komwe kumapha kapena kudzutsa nkhani, ndiko kwa -nka- ndi -da-. Tamvani: "Mvula inkawaza. Agogo ankatong'ola chimanga pakhonde, ife tinkaotha moto m'khitchini. Kenaka kukhola kudamveka phokoso." Ziganizo za -nka- zikuyala mphasa, chiganizo cha -da- chikupondapo. Mukafuna kuphunzitsa malo ndi nthawi, phunzitsani -nka-. Mwana amene alibe -nka- nkhani yake imakhala yothamanga ngati lipoti, ndipo amene ali ndi -nka- yekhayekha amayala mphasa mpaka belu kulira, osachitika kanthu. Ambiri poyankhula amati "agogo amatong'ola chimanga" kutanthauza zakale, ndipo khutu limamva bwinobwino. Papepala mawu omwewo angatanthauzenso kuti agogowo ndi ntchito yawo ya masiku onse mpaka lero. Apa -nka- amachotsa chikaiko. Pofuna kubwerera m'mbuyo pang'ono, chida chake ndi "zidali zita-": "Titafika kukholako, mbuzi zidali zitatuluka kale."

Wophunzira za uphunzitsi akufunsa: "Polemba nthano, tiziti Njovu idati kapena Njovu adati?"

Kalulu, Fisi, Kamba ndi Nyani savuta, chifukwa mayina awo amatenga agwirizanitsi ofanana ndi a munthu: Kalulu adati, Fisi adalira. Njovu ndi Mkango ndiwo amabweretsa funsoli, poti mwa gulu lawo timati njovu idathyola mtengo, mkango udabangula. M'nthano muli njira ziwiri ndipo zonse n'zovomerezeka. Mukhoza kusunga gulu la dzinalo n'kulemba kuti "Mkango udakwiya". Mukhozanso kuiveka nyamayo umunthu ndi ulemu n'kulemba kuti "a Mkango adakwiya", monga agogo ambiri amachitira akafika pa nyama zaufumu. Chosafunika ndi kusakaniza m'chiganizo chimodzi, monga "Mkango udakwiya ndipo adaitana nduna zake". Ine ndimakonda njira yachiwiri, chifukwa Kalulu akamati "Inu a Mkango, mfumu yanga" uku akuwakonzera dzenje, ana amamva okha kuti ulemuwo ndi nyambo.

Aphunzitsi ena akuti: "M'mabuku ena ndimaona mtengambali, mwina mpangankhani. Ndiwauze liti ana?"

Mawu onse awiriwa amatanthauza munthu wa m'nkhani, ndipo akugwira ntchito m'sukulu zathu. Mtengambali amakhala bwino kwambiri m'sewero, momwe munthu amatengadi mbali, ndipo mpangankhani amakhala bwino m'nkhani yolembedwa. Tsatani liwu lomwe lili m'buku lomwe ana anu akuwerenga, koma adziwe kuti linalo liliko. Chomwe ndingakane ndi kuyamba phunziro polembetsa matanthauzo a mpangankhani, pampondachimera ndi phunziro la nkhani, ana asanalembe ngakhale ndime imodzi. Yambani ndi mafunso omwe mwana aliyense angayankhe: nkhaniyi ndi ya ndani, akufuna chiyani, chikumutsekereza n'chiyani, zidafika poipitsitsa pati, zidatha bwanji. Akayankha, muwauze kuti pomwe zidafika poipitsitsapo ndiye pampondachimera. Dzina limakhazikika msanga likapeza chinthu chake chili kale m'manja.

Mayi wina amene akulera ana ake ku Johannesburg akuti: "Ndimamulembetsa mwana wanga tinkhani m'Chichewa kuti asaiwale kwawo. Dzulo walemba kuti: Agogo, uli bwanji? Komanso sindidziwa poika mitengero."

Mayi, pitirizani ntchitoyi, ndi yamtengo wapatali. Za mitengero n'zosavuta. Imakuta mawu enieni omwe adatuluka pakamwa pa munthu: Agogo adati, "Bwera kuno, mdzukulu wanga." Tikamangofotokoza zomwe adanena, mitengero imachoka ndipo mneni amatembenuka: Agogo adandiuza kuti ndipite komwe adali. Onani kuti "bwera" wasanduka "ndipite". Pamenepo ndi pomwe ana ambiri amapunthwa. Wina akayamba kuyankhula, ayambire mzere watsopano.

Koma "uli bwanji" kwa agogo musamuone ngati cholakwa chongofufuta ndi cholembera chofiira. Muuzeni mwanayo chifukwa chake, pakuti m'Chichewa momwe anthu amaitanirana ndimo muli khalidwe lawo. Wolemba safunika kutiuza kuti mkamwini adali waulemu. Angotionetsa akunjuta pataliko n'kunena kuti, "Wawa, apongozi, mwadzuka bwanji?" Safunikanso kutiuza kuti banja lidayamba kugwedezeka. Mwamuna amene nkhani yonse wakhala akuti "inu amake mwana" tsiku lina angoti "iwe", wowerenga aliyense wa kwathu mtima umuthamanga. Mwana amene chaka chonse ankati "bambo", ndiye pamapeto n'kunena kuti "munthu ameneyu", watiuza zonse za chilonda chake. Mwana wanu akadziwa kuti "inu" ndi "iwe" akhoza kunyamula mkangano wonse wa nkhani, ulemuwo sadzauloweza ngati lamulo, adzausamala ngati chida chake. Mukamaimba foni kumudzi muzimuika pafupi kuti azimva momwe inuyo mumayankhulira ndi akuluakulu.

Funso lomaliza lachokera kwa aphunzitsi a ku Ntcheu: "Kodi mvekero ndi miyambi n'zololedwa m'chimangirizo? Nanga mwana angayambe ndi Padangotero?"

Mvekero ndi wololedwa, ndipo ndimamva chisoni ndikaona mphunzitsi atakhwatcha "zii" kapena "kakasi" ati ndi mawu a pabwalo. "M'kalasi monse mudangoti zii" ndi Chichewa chokhwima kuposa "m'kalasi monse mudalibe phokoso lililonse". Chofunika ndi kuusunga mvekero mpaka pomwe nkhani yatentha. Akachuluka amalimbana okhaokha.

Miyambi ndimaichenjerera kwambiri. Ana ambiri amaganiza kuti malikisi ali pa kuchuluka kwake, ndiye amathira itatu m'ndime yoyamba nkhani isanayambe n'komwe. Mukawapatsa mutu wakuti "Safunsa adadya phula", auzeni kuti mwambiwo ndi ntchito yomwe nkhaniyo iyenera kugwira. Tikufuna timuone munthuyo akukana kufunsa njira, akudutsa anthu amene akadamuthandiza, mpaka phulalo lili m'kamwa. Zikatheka, mwambiwo utuluke pakamwa pa wina wa m'nkhanimo, monga azakhali ake pomulandira atabwerako manja ali m'khosi. Muwaletsenso njira yachidule ija yothetsera nkhani ndi "ndidadzidzimuka, adali maloto", chifukwa imalanda wowerenga zonse zomwe wakhala akudera nazo nkhawa.

Padangotero ndi khomo la nthano, ndipo amafuna anthu oyankha kuti "Tili tonse". Mwana akamalemba nthano ya Kalulu amuike, ndipo powerenga m'kalasi anzake ayankhe ndithu. Koma akamalemba za tsiku lomwe mtsinje udasefukira ali kutsidya, Padangotero angauze wowerenga kuti zimenezi sizidachitike. Nkhani yotero iyambire pomwe mwanayo adali: "Tinkaweruka mvula itangokata, nsapato zili m'manja."