Za sipika ya amalume

Halo... ikujambula? Eya. Asuweni, uthenga wako ndauona, ndinali kochapa. Wafunsa kuti munthu akafuna kulalikira pa depoti ya Wenela amafunika chilolezo cha khonsolo kapena ayi. Hmm. Iwe, ndinakudziwa uli ndi mamina. Ku Civic Centre ukukudziwa, ndi pa Chichiri pompo, ukanangopita osatifunsa ife. Iwe ukufuna wina pagulu pano anene kuti nzoletsedwa, ukawauze amalume kuti boma lakana, sipika ija ibwerere m'katoni. Ukuopa kuti anzako a ku ofesi adzawapeza bambo ako, ahedi athunthu, ali pakati pa makondakitala akufuula Aleluya. Ndanama?

Tadikira ndikukumbutse za amalume aakulu, malemu. Iwe unali wamng'ono... ayi, unali ku sekondale. Aja anasiya ntchito ya njanji ku Limbe mu 1999, chaka chimene sitima zinapita m'manja mwa kampani. Atangokhala pakhomo ku Bangwe, eee, kunali moto. Tambala woyamba adzuka, asita malaya, avala tayi, kenaka pakhonde phee mpaka masana. Azakhali ankadandaula kuti ayamba kuwerenga machesi. Mchere ukatha msanga, mlandu. Nkhuku za eni zikalowa m'munda, mlandu.

Ndiye tsiku lina anapita ku chitsitsimutso kumene ankalalikira a Stephen Lungu a African Enterprise. Paja aja mbiri yawo ndi yoopsa: mu 1962 ku Highfield, ku Harare kumene agogo ankagwira ntchito, anapita ku tenti ya mapemphero atanyamula mabomba a petulo kuti akaiotche, nkutembenuka mtima momwemo. A Lunguwo anamwalira mu 2021. Amalume kungomva umboni umenewo, basi, mawa lake akagula chimkuzamawu, chija cha mabatire akuluakulu, ulendo ku msika wa Limbe.

Koma ulaliki wake! Ambuye andikhululukire, ndikuseka malemu. Ankalalikira ngati akulengeza nthawi ya sitima ya ku Nsanje. Mutu wathunthu wa Levitiko, vesi ndi vesi, dzuwa lili pamutu. Omvera ake anali amayi a tomato, chifukwa choti sakanathawa kusiya tomato. Chopereka ankakana. Mayi wina anawaponyera ndalama m'chipewa, iwo kumuthamangira mpaka ku siteji ya minibasi kukamubwezera, ati ine ndili ndi penshoni. Amayi anga ankachita kuzungulira njira ina kuti asaonane ndi achimwene awo. Ndiye manyazi akowo si achilendo, ndi a kumtundu.

Koma pang'onopang'ono anyamata onyamula katundu aja anayamba kuwazolowera. Wina abwere ndi kalata amuwerengere, wina wakangana ndi mnzake pa ndalama ya ganyu awaweruze, wina wadwala amuperekeze ku Gulupu. Chimkuzamawu chinafa, sanagulenso china. Ankangokhala pa benchi ndi Buku Lopatulika lawo losokedwa ndi ulusi lija. Pa maliro awo unaona wekha amene ananyamula bokosi. Sitinali ife. Ife tinali kukangana za mapoto.

Komabe... pali chimene sitimachikamba. Tsiku lija anagwa ndi shuga, mwezi wa Okutobala, kutentha kuja. Anagona pa makatoni kuseri kwa okala mpaka madzulo, chifukwa panalibe wodziwa kwawo. Mpingo sunkadziwa kuti amapita kumeneko, ife tinkachita ngati sitikudziwa. Chinawapweteka si kulalikira ayi, ndi kupita okha.

Ndiye za bambo akozi. Munthu wakhala zaka zonsezi belu likulira chifukwa cha iye, ana mazanamazana ali chilili pa asembule kudikira mawu ake. Boma likuti wakwana zaka 60, pita ukapume. Apume chiyani? Kunyumba inu nonse muli pa foni, ngakhale moni mumachita kuwatumizira pa WhatsApp muli chipinda chinacho. Ine sindikukayika kuti Mulungu akuwayankhula, ayi, sindikupeputsa. Koma mkati mwakemo mulinso munthu wofuna kuti m'mawa kukhale wina womudikira. Ukawerenge Numeri 8 kumapeto: Alevi ankatula ntchito ali ndi zaka 50, koma sankawathamangitsa pa chihema, ankapitiriza kuthandiza abale awo. Iwe wa kwaya, umayenera kuzidziwa zimenezi.

Usawaletse. Ukawaletsa azipita mobisa, ndiye tibwerera ku makatoni kuja. Apite, koma asapite okha. Kaonaneni ndi abusa, kapena akulu a mpingo a dera lanu, muwauze kuti ahedi ali ndi njala ya ntchito. Alipo amene amayendera odwala m'mawodi, ena amapita ku ndende ya Chichiri, kumeneko mphunzitsi ndi golide... aa, ndati golide, ndikutanthauza kuti amamufuna. Kulinso maphunziro a TEEM aja a ku Zomba, munthu amaphunzira za Baibulo ali pakhomo pake. Akakonda ku Wenela komweko, chabwino, koma awiriawiri, botolo la madzi m'chikwama, mankhwala a BP atamwa, nambala yako ili m'thumba la malaya.

Chimene ndikuopa ine si makondakitala. Ndi tianyamata ta masuti owala tija, timanunkhiza penshoni tili kutali. Mawa timuyitana kuti dadi, mkuja tikuti bzalani mbewu, tigulireni jenereta. Munthu amene ali ndi anzake a mpingo womudziwa sagwidwa msanga ndi zimenezo. Ndiye ndikubwereza, poti iwe umamvera mavoisi ukuphika: nkhani si chilolezo, nkhani ndi yoti asakhale okha.

Loweruka loyamba uwaperekeze ndiwe. Ee, iweyo, ndi wigi yakoyo. Uwanyamulire sipika. Ine ndibwera Loweruka linalo ndikapeza ya minibasi. Ndipo amalume, ngati mwana uyu wakumvetserani voisi iyi, pepani, za Levitiko zokha musatengere achimwene anu. Iii, madzi asefukira, ndathawa.