Kwa achemwali amene achimwene awo apemphedwa kulowa mu kafukufuku wa chotupa cha mu ubongo

Achemwali, pepani kwambiri ndi mavuto agwa pakhomo panuwa. Ndawerenga zomwe mwalemba kawiri konse. Achimwene anu a zaka 46 ali ku Leeds, anachitidwa opaleshoni ya mutu masabata awiri apitawo, zotsatira zabwera kuti chotupacho ndi glioblastoma, mtundu wa khansa ya mu ubongo, ndipo madokotala awapatsa mapepala owapempha kulowa mu kafukufuku. Amayi kumudzi akuti akane, poti azungu akufuna kuyeserera mankhwala pa mwana wawo. Mwafunsanso kuti bwanji sanangolowetsa kachubu monga anachitira ndi amalume anu ku Johannesburg, amene anawakonza mtima osawang'amba pachifuwa. Ine ndine namwino, ndagwira ntchito mu wodi ya odwala ochitidwa opaleshoni ya ubongo kuno ku England kwa zaka 9, ndipo mapepala amenewo ndawaona m'manja mwa mabanja ambiri.

Mantha a amayiwo musawapepuse, ali ndi gwero lake. Ku Tuskegee, m'dziko la America, kuyambira 1932 mpaka 1972 boma linkatsatira amuna akuda pafupifupi 400 odwala chindoko kuti lione m'mene matendawo amawonongera thupi. Silinawauze choona, ndipo ngakhale penisilini atapezeka linawamana. Nkhani ngati imeneyi siifa, ndiye mayi akamva kuti mwana wake ali kutali, wadwala mutu, ndipo akumupatsa fomu yoti asaine, mtima ukuyenera kuima. Koma zoipa zoterozo ndi zomwe zinachititsa kuti malamulo akhwime. Lero kafukufuku sangayambe komiti yoima payokha isanamuunike, wodwala ayenera kuuzidwa zonse ndi kuvomera yekha, ndipo akhoza kutuluka tsiku lililonse osapereka chifukwa. Achimwene akakana, chithandizo chawo cha nthawi zonse sichichepetsedwa ngakhale pang'ono, ndipo sizikhudza mapepala awo okhalira m'dzikomo. Vuto lomwe ine ndimaliona m'wodi ndi lotembenuka: anthu akuda timalowa ochepa kwambiri mu kafukufuku, mankhwala n'kumatuluka osayesedwa mokwanira pa matupi ngati athu.

Chomwe ndikufuna mumvetse kwenikweni ndi ichi. Chithandizo chomwe achimwene alandire ngakhale atakana, nachonso chinachokera mu kafukufuku. Chaka cha 2005 chisanafike, munthu wa glioblastoma kawirikawiri ankachitidwa opaleshoni, n'kuwotchedwa ndi makina a radiotherapy, basi. Dokotala wina wa ku Lausanne ku Switzerland, Roger Stupp, pamodzi ndi anzake a ku Ulaya ndi Canada, anagawa odwala 573 m'magulu awiri. Ena analandira radiotherapy yokha, ena radiotherapy pamodzi ndi makapisozi a temozolomide. Patatha zaka ziwiri, mwa anthu 100 alionse a gulu loyamba amoyo anali 10, pomwe a gulu la makapisozi anali 26. Kuchokera pamenepo dziko lonse lapansi linasintha kachitidwe. N'chifukwa chake achimwene adzauzidwa za radiotherapy ya masiku 30, Lolemba mpaka Lachisanu kwa masabata 6, akumwa makapisozi tsiku lililonse, kenako kupuma mwezi, n'kumamwanso masiku 5 pa masiku 28 alionse kwa miyezi 6. Anthu 573 aja nawo anali ndi amayi awo, ndipo wina aliyense anakhala pansi ndi fomu ngati yomwe ili m'nyumba mwa achimwene lero.

Ndikudziwa kuti mwafufuza kale pa intaneti ndipo mwaona miyezi 15 ngati nthawi yomwe odwala matendawa amakhala ndi moyo. Nambala imeneyo inachokera mu kafukufuku yemweyu, inali 14.6. Sindikubisirani, matendawa ndi ovuta ndipo kawirikawiri amabwerera. Koma nambalayo muimvetse bwino. Mukandandalika odwala onse pamzere, kuyambira amene anakhala nthawi yochepa kufika amene anakhala nthawi yaitali, miyezi 14.6 ndi ya munthu woima pakatikati. Theka linapitirira pamenepo, ena ndi zaka. Komwe munthu angaime pamzerewo kumadalira msinkhu, mphamvu za thupi, kuchuluka kwa chotupa chomwe chachotsedwa, ndi zomwe a ku labu apeza m'kati mwake. Funsani za zotsatira za ku labu zotchedwa MGMT. Chotupa china chimakhala ndi mphamvu yodzikonza chikavulazidwa ndi temozolomide, china mphamvuyo inazimitsidwa, ndipo ichi ndicho chimamva mankhwala bwino. Funsaninso za IDH, chizindikiro china cha m'maselo a chotupa chomwe amayeza ku labu, chifukwa kuyambira 2021 bungwe la WHO limati chotupa chimatchedwa glioblastoma pokhapokha ngati chilibe kusintha kwa IDH. Mayankho awiriwa ali kale m'failo yawo, ndipo kafukufuku wambiri amasankhira anthu pomwepo.

Mwina achimwene anakuuzani kuti m'mawa wa opaleshoni anamwetsedwa madzi owawasa m'kakapu. Ine ndamwetsa anthu ambiri madzi amenewo. Timadzutsa wodwala kusanache, maola atatu asanagonetsedwe, amamwa akuchita tsinya chifukwa cha kuwawasa, ndiye timatseka makatani ndi kuchepetsa magetsi popeza kwa tsiku lathunthu khungu limapsa msanga ndi kuwala. Dzina lake ndi 5-ALA. Maselo a chotupa amawamwa kwambiri, ndipo dokotala akayatsa kuwala kwa buluu pa makina oonera, chotupa chimawala pinki pomwe ubongo wabwino umaoneka wa buluu. Ndinaloledwa kusuzumira kamodzi m'fiyeta, ndipo mpaka lero ndikukumbukira kadontho ka pinki pakona pomwe ndi maso wamba pamaoneka poyera. Izinso zinabadwa mu kafukufuku wa ku Germany wa 2006, wotsogozedwa ndi Walter Stummer. Mwa omwe anamwa, 65 pa 100 chotupa chooneka pa sikani chinachotsedwa chonse, pomwe mwa osamwa anali 36. Kuno ku England madziwa anafalikira m'zipatala zonse za opaleshoni ya ubongo atamwalira Tessa Jowell mu 2018, nduna yakale ya boma imene inadwala matenda omwewa ndipo inamenyera nkhondo madziwa isanatsikire kuli chete.

Komabe ndisakunamizeni kuti kafukufuku ndi lonjezo. Mankhwala ena otchedwa bevacizumab anapatsa anthu chiyembekezo chachikulu chifukwa sikani inkaoneka yokongola munthu akawalandira. Atawayesa bwinobwino pa magulu akuluakulu awiri, zotsatira za mu 2014 zinaonetsa kuti masiku a moyo sanawonjezeke. Mankhwala ambiri oyesedwa pa glioblastoma amathera pomwepo. Choncho amene akulowa alowe akudziwa kuti mwina apindula, mwina ayi, mwina amva zowawa zina zowonjezera.

Za kachubu ka amalume tsopano. Vuto lawo linali la paipi yotsekeka. Mtsempha wodyetsa mtima unadzaza mafuta, ndipo chotsekacho chinali m'kati mwa njira ya magazi. Dokotala amaboola padzanja kapena m'mphechepeche, n'kuyendetsa kachubu m'njira yomweyo mpaka kumtima, n'kufufumitsa kabaluni, n'kusiyamo kawaya kolukidwa kotchedwa stent kuti mtsempha usafinyikenso. Njira ilipo kale, iye amangoitsata. Glioblastoma sili m'paipi, imamera m'mnofu weniweni wa ubongo ngati kapinga m'munda wa chimanga. Mumazula chomwe mukuchiona, koma mizu yathamanga kale pansi mpaka mizere itatu kutsogolo, pakati pa mbewu zomwe simungazizule. Dokotala akalowa kwambiri akhoza kutenga mawu a munthu kapena mkono wake. N'chifukwa chake ena amachitidwa opaleshoni ali maso, akuwerenga manambala ndi kutchula zithunzi, kuti akangoyamba kudodoma dokotala adziwe kuti apa ndi polekezera. Radiotherapy ndi makapisozi ntchito yake ndi kulimbana ndi mizu yotsala ija.

Kachubu kamafika ndithu mu ubongo, koma pa matenda a mitsempha: kutseka mtsempha wotupa ngati baluni usanaphulike, kapena kukoka magazi oundana mwa munthu wa sitiroko, njira yomwe inatsimikizika pa odwala 500 ku Netherlands ndipo inafala kuyambira 2015. Ndipo amalume akamanyadira kabala kakang'ono ka padzanja, adziwe kuti nako kanayamba ndi kuyesa. Mu 1929 dokotala wachinyamata wa ku Germany, Werner Forssmann, anadzilowetsa yekha kachubu ka mkodzo mumtsempha wa pamkono mpaka kumtima, n'kuyenda kukadzijambula X-ray. Akuluakulu ake anamudzudzula, koma mu 1956 analandira mphoto ya Nobel. Kabaluni kaja anayamba kukagwiritsa ntchito pamtima wa munthu ndi Andreas Gruentzig ku Zurich mu September 1977, pa bambo wa zaka 38 amene anavomera akudziwa kuti ndi woyamba.

Ndiye ndikanakhala ine mlongo wake, ndikanapita naye kukaonana ndi dokotala nditanyamula kope. Choyamba ndikanafunsa kuti kafukufukuyu ndi wa gawo liti. Wa phase 1 amayesa mankhwala atsopano pa anthu ochepa kuti apeze mlingo wosavulaza, ndipo mwayi wopindula ndi wochepa. Wa phase 3 amayerekeza chinthu chomwe chaonetsa kale zabwino ndi chithandizo cha nthawi zonse. Ziwirizi n'zosiyana kutali, ndipo mabanja ambiri amasaina osadziwa kuti ali pati. Kenako ndikanafunsa mwachindunji: kodi radiotherapy ndi temozolomide alandirabe zonse? Pa munthu wongopezeka kumene ndi matendawa, kawirikawiri chatsopanocho chimangowonjezedwa pamwamba. Mukamva za mapiritsi opanda mankhwala musanjenjemere, sizitanthauza kuti amusiya osathandizidwa, amangofuna kuti wodwala ndi dokotala asadziwe gulu lomwe alimo kuti pasakhale kukondera. Gululo silisankhidwa ndi munthu poona nkhope kapena dzina, kompyuta ndiyo imachita mayere.

Funso lomwe anthu amaliiwala ndi la maulendo. Kafukufuku wina amafuna kuti munthu azibwera kuchipatala sabata iliyonse kudzatengedwa magazi ndi kujambulidwa. Achimwene saloledwa kuyendetsa galimoto pakali pano, amenewo ndi malamulo a kuno kwa munthu wa chotupa chotere, ndiye adzawatenga ndani? Alamu anu akugwira ntchito? Ana akupita bwanji kusukulu? Ndinasamalapo bambo wina amene analowa mu kafukufuku wa mumzinda wakutali, ndipo patatha miyezi iwiri anandiuza ali pabedi, akusisita chipewa chake cha ulusi, kuti masiku ake abwino akuthera m'sitima. Anatuluka, ndipo palibe anamukwiyira. Ndinasamalanso mayi wina amene ankati tsiku la kafukufuku ndilo limamupatsa chifukwa chovalira bwino, ndipo ankakonda kuti ali ndi namwino wakewake womuimbira foni. Onse awiri anasankha bwino, aliyense monga mwa moyo wake. Funsani ngati amabweza ndalama ya mayendedwe, ambiri amabweza. Funsaninso ngati kulowa muno kungawatsekere khomo la kafukufuku wina mtsogolo.

Nthawi ilipo koma si yambiri. Radiotherapy imayamba pasanathe masabata 6 chichitikireni opaleshoni, ndipo kafukufuku wambiri amafuna munthu alembetse isanayambe. Mapepalawo atengereni kunyumba, muwerenge masiku awiri kapena atatu. Ngati chotupa chinali mbali ya kumanzere, mawu ndi kumvetsa zikhoza kuwavuta, ndipo ndaonapo anthu odziwa Chingelezi bwino chikuwathawa atachitidwa opaleshoni, n'kutsala ndi chilankhulo cha kwawo. Mankhwala a dexamethasone ochepetsa kutupa nawo amasowetsa tulo, amakweza shuga, ndipo munthu amapsa mtima msanga. Muwawerengere pang'onopang'ono m'mawa mutu uli wopepuka, ndipo ngati pakufunika womasulira pemphani kuchipatala, salipiritsa. Chinanso chofunika: mankhwala azitsamba alionse omwe abale angatumize, muuze dokotala asanamwe. Temozolomide imatsitsa magazi, makamaka aja othandiza kuti bala lisiye kukha, ndipo imalemetsa chiwindi, ndiye kusakaniza mwachinsinsi kukhoza kuimitsa chithandizo chenichenicho.

Za amayi, musalimbane nawo pa foni. Ali kutali, sangamugwire mwana wawo pamphumi, ndipo kukaniza ndi njira yokhayo yomwe yawatsalira yomutetezera. Pemphani namwino wamkulu woyang'anira achimwene, aliyense wa matendawa amapatsidwa wake, kuti tsiku lokumana ndi dokotala muimbe WhatsApp ya vidiyo amayi ali pomwepo. Aone nkhope ya dokotalayo, afunse okha funso lawo loti mukufuna kuyeserera mwana wanga, inu mumasulire liwu ndi liwu osafewetsa. Ndaonapo madokotala akuyankha funso limenelo, ndipo abwino sakhumudwa nalo. Akatero, achimwene anene okha chomwe akufuna amayi akumva, chifukwa wosaina ndi iwo.

Mukapeza dzina la kafukufukuyo ndi gawo lake, zili patsamba loyamba la mapepalawo, nditumizireni ku inbox. Sabata ino ndili pa ntchito ya usiku, koma ndikaweruka m'mawa ndidzawerenga nanu tsamba ndi tsamba.